Mbale Yamkuwa ya a Penihelo

Anafika ku Mchesi m'mwezi wa fumbi,
mkulu wa ku Mangalande, imvi atazimanga kumbuyo ngati mchira wa bulu,
m'khwapa atapanira mbale yamkuwa yong'aluka m'mphepete.
Ine ndinali pa ndowa yachitatu.
Anaima. Moni sanapereke.
Ankamvera nyundo yanga, mutu atapendeketsa,
poti khutu lamanzere linafa kalekale.

"Iwe Nthondo," anatero atadziwa dzina,
"ukumenya ngati msilikali pa perete.
Pa zisanu ndi zitatu, iba imodzi.
Palibe adzakumange."

Mbaleyo sinali yowotcherera.
Ndinangoboola kabowo pamene mng'alu unalekezera
kuti usapitirire.
Iwo anati madokotala anachitanso chomwecho ndi mtima wawo.

Kuyambira apo Lachiwiri lililonse,
mwana wawo namwino akalawirira ku Sentro,
ankadzakhala pa chigubu nandiyalira zaka zawo:
bambo wokhoma zombo, mzinda wa utsi ndi malasha,
ng'oma yoyamba ya zitini za bisiketi,
kenaka anyamata asanu m'galimoto lodontha,
kugona motsamira zoyimbira, chisanu chikuluma zala.
Nyimbo imodzi, eti, inkadzaza mbali yonse ya chimbale,
kuyamba mowaza ngati chizimalupsa,
kusochera pakati, kubwerera itavala malaya ena.
Ukanakwera minibasi pa depoti,
kutsika pa Kanengo, iyo isanathe.

Anthu zikwi makumi awiri m'bwalo limodzi!
Ndinafunsa: ankakudziwani?
Anaseka mpaka kutsokomola.
"Wa ng'oma amakhala kumbuyo.
Zaka khumi ndi zinayi ndinaona misana ya anzanga.
Nkhope zawo ndinadzaziona bwino kukhoti,
tikulimbirana ndalama."

Kunabwera ana ena ndi nyimbo zazifupi, zaukali,
kunabweranso makina osatuluka thukuta, osafunsa malipiro.
Iwo anayimbira otsatsa sopo.
Anamwa. Analeka. Anamwanso.
Mkazi anatenga nyumba,
nyamakazi inatenga zala.

Tsiku lina magetsi atazima, owotcherera ali manja lende,
anati ndiwamangirire ndodo kudzanja ndi mphira wa chubu.
Anayamba pa chigubu, pang'onopang'ono.
Ine ndinalowa ndi nyundo, kuba imodzi ija.
Dzoole wa mabokosi amaliro tsidya la msewu
anayankha pa thabwa la mkungudza,
mayi Nasiwelo a mandasi anagogoda beseni ndi supuni,
zitatu zawo zikudutsa m'kati mwa zisanu ndi ziwiri zathu
ngati wakabaza pakati pa magalimoto pa mlatho,
osagunda, osaima.
A Penihelo analeka kuyimba.
"Ife izi tinkaziwerengera ndi pensulo usiku wonse.
Mayi awa akuzichita akubweza chenje."
Anapukuta m'maso ndi dzanja lomangidwa ndodo lija,
nati ndi fumbi.

Magetsi anayaka. Aliyense ku ntchito yake.

Mvula itayamba sanabwere.
Lachiwiri lina, linanso.
Kenaka namwino uja, yunifolomu ili m'thupi,
anatsika galimoto ndi jumbo yakuda.
Anati akwezedwa ndege, akagone pafupi ndi wokhoma zombo.
Anati pepala lawo lomaliza linali ndi mayina ochepa.

Ndinaipachika pa msomali, pamwamba pa mbaula zogulitsa.
Lole ikadutsa, imang'ung'udza yokha
mawu aatali, ochedwa kuzima,
ndipo kabowo kanga sikanagonje mpaka lero.
Wina anafuna kuigula pa sikelo, ngati chitsulo chakutha.
Ndinamuuza mtengo wa ndowa.

Ndowa zanga sizidontha, funsani ku Kawale.
Koma mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito
amandiyang'ana mwachisoni nyundo ikadumpha,
amauza anzake kuti mdala wayamba kuiwala kuwerenga.
Sindimutsutsa.
Dzulo ndinamumva kuseri, pa chidebe chake,
naye akuba imodzi.